Dzina la Toyota silinyamula katundu

Anzanga apamsika, ambiri mukasunga kandalama mumalota Probox kapena Hiace. Sindikukutsutsani. Kiichiro Toyoda, mwana wa katswiri wopanga makina oluka nsalu, adayambitsa kampani ya Toyota ku Japan mu 1937, ndipo idatchuka ndi magalimoto olimba. Eni ake amayamikiranso kuti zipangizo zake sizisowa, amakaniko ambiri amawadziwa.

Koma zambiri zomwe timagulazi zidatumikira kale ku Japan. Makaniko wanu aiwone kaye galimotoyo musanatulutse ndalama. Mukagula, sinthani oyilo pa nthawi yake. Kumbukiraninso kuti Probox idapangidwira katundu wosapitirira makilogalamu 400, kutanthauza matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50. Mukapakira 15, phindu lonse la mwezi lidzathera kugalaja.