Pa mlandu wa chingwe cha ku Japan, mboni yaikulu ndi womangidwa

M'madera a Shinjuku, Ikebukuro ndi Roppongi mumzinda wa Tokyo muli timabala tina tating'onoting'ono, tobisika m'zipinda zapansi kapena pamwamba pa nyumba zosanjikizana. Munthu amalipira pakhomo n'kukhala pakauntala monga m'bala ina iliyonse. Chachilendo n'chakuti pakhoma pamapachikidwa mitolo ya zingwe, ndipo kudenga kumalendewera mphete yachitsulo kapena mtanda wansungwi. Usiku ukakhwima, munthu wamkulu ndithu amadzipereka kuti mnzake amumange, mwinanso amukweze m'malere, ena akuonerera ali chete. Ajapani amati kinbaku, kutanthauza kumanga kothina, kapena shibari, liwu wamba la kumanga lomwe ndi limene lafala kunja kwa dzikolo. Katswiri wake amamutcha nawashi kapena bakushi. Palibe chifukwa chobisira kuti nkhaniyi ikukhudza chilakolako cha thupi, ndipo ambiri poimva achita nayo manyazi kapena nseru. Komabe ine ndikuti boma, makhothi ndi anthu wamba aziweruza malo oterewa pofunsa ngati womangidwayo ali ndi mphamvu yonena kuti "basi", ndiponso ngati akatero amamveredwa nthawi yomweyo. Zimene maso a oonerera aona zibwere pambuyo.

Chingwechi chili ndi mbiri yowawa, ndipo mbiriyo ndi imene ikundichititsa kulankhula chonchi. M'nthawi ya ulamuliro wa banja la Tokugawa, kuyambira 1603 mpaka 1868, ogwira zigawenga ankaphunzira luso lomangira akaidi lotchedwa hojojutsu. Mamangidwe ake ankasiyana malinga ndi munthu: msilikali wa samurai, wansembe, mlimi ndi mkazi, aliyense anali ndi kanjatidwe kake, kotero kuti anthu mumsewu ankadziwa kuti wagwidwayo ndi wotani pongoona chingwe. Kumangidwa chonchi kunali kunyazitsidwa, mpaka chinenero chawo chili ndi mawu akuti nawame no haji, manyazi a chingwe. Ifenso timati apolisi "am'manga" ngakhale pomwe agwiritsa ntchito unyolo. Chingwe chomwecho chinkagwiranso ntchito yozunzira anthu kuti avomere milandu. Panali ebizeme, pomwe ankapinda munthu n'kukokera mutu wake kumiyendo mpaka thupi kufiira ngati nkhanu yophika, ndi tsurizeme, pomwe ankamupachika ndi manja omangidwira kumbuyo. Dziko la Japan linathetsa kuzunza oimbidwa milandu mu 1879, koma mpaka lero apolisi ake amayendetsa woganiziridwa mlandu atam'mangirira chingwe m'chiuno.

Mmodzi mwa amene anachotsa chingwechi m'ndende n'kuchilowetsa m'zojambula ndi Ito Seiu, yemwe anabadwa mu 1882 n'kumwalira mu 1961. Nkhondo yachiwiri itatha, magazini ya Kitan Club, yomwe inayamba kutuluka ku Osaka mu 1947, inasonkhanitsa olemba, ojambula ndi omanga, ndipo m'magazini momwemo ndi momwe Dan Oniroku anayambira kusindikiza nthano yake ya Hana to Hebi mu 1962, imene kampani ya Nikkatsu inaisandutsa kanema mu 1974. Akatswiri monga Osada Eikichi ndi Akechi Denki anapita nazo pabwalo la zionetsero, ndipo kuchokera kumeneko zinafalikira m'timabala tija. Wotsutsa anganene apa kuti chinthu chobadwira m'nyumba yozunzira anthu sichingayere, ndipo ali ndi umboni wolemera. Ito Seiu yemweyo anapachika mkazi wake woyembekezera chadodolido kuti amujambule, potsanzira chithunzi cha Tsukioka Yoshitoshi cha mu 1885. Palibe dzina la luso limene lingakongoletse zimenezo. Koma tionetsetse chomwe chinkaipitsa hojojutsu. Mfundo ya chingwe payokha sizunza munthu, pakuti mfundo yomweyo imamanga mtolo wa nkhuni. Chinkazunza mkaidi wa m'nthawi ya Tokugawa n'chakuti kulira kwake kunalibe ntchito. Akafuula, womangayo ankadziwa kuti njira yake ikugwira, n'kuthinitsa. Pomwe liwu la womangidwa limamasula chingwe, chinthucho chasanduka china, ngakhale maonekedwe ake atafanana ndi akale. Pomwe silimasula, tabwerera ku nthawi ya Tokugawa, kaya pakhoma palembedwa kuti ndi luso.

Liwulo ndi lofunika motere chifukwa masewerawa ndi oopsa kwenikweni. Zingwe zake zimapotedwa ndi ulusi wa jute, womwe amapangira ziguduli, kapena wa mtundu wina wa chamba. Zimakhala zonenepa mamilimita 6 ndi zotalika mamita 7 kapena 8. Kamangidwe kotchuka kwambiri, takate kote, kamapinda manja kumsana n'kuzunguliza chingwe pachifuwa ndi pamikono. Pamenepo, pakati pa phewa ndi chigongono, pamadutsa mtsempha umene umalamula dzanja kudzuka. Ukapanikizika, makamaka munthu akakwezedwa thupi lake lonse n'kulemerera pa chingwecho, dzanja limagwa lobodoka, osatha kutukula ngakhale supuni, ndipo limatha kukhala choncho masabata kapena miyezi. Choopsa n'chakuti womanga sangaone ndi maso kuti mtsempha ukupweteka. Khungu likhoza kuoneka bwinobwino pamene chala chachikulu chayamba kale kuchita dzanzi. Amene akudziwa ndi mwini thupi yekha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma womangidwa manja sangatsekule chitseko chilichonse. Amadalira kuti wina amutsekulira akangonena.

Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti bala yodziwika, yokhala ndi mwini wake, antchito ake ndi makasitomala ozolowerana, imateteza womangidwa kuposa chipinda chokhoma cha ku hotela. M'chipinda chokhoma, womangidwa ali ndi munthu mmodzi yekha womumvera, ndipo munthuyo ndi amene wagwira chingwe. M'bala muli maso ena odziwa ntchitoyo, muli wina woti angatenge sizasi n'kudula chingwe, muli mwini malo amene angathamangitse kasitomala wosamva ndi kuchenjeza anzake za iye. Ku Rome mu 2011, mtsikana wina wophunzira pa yunivesite anamwalira, mnzake n'kuvulala kwambiri, mwamuna wina atawamanga pamodzi usiku pamalo obisika, onse atamwa mowa, chingwe chitadutsa m'khosi. Khothi linam'peza mwamunayo wolakwa. Usiku umenewo panasowa munthu wosaledzera woima pambali, amene akanaletsa chingwe kufika pakhosi. Kutseka malo odziwika sikuchotsa chilakolako mumtima mwa anthu, ndipo lero aliyense akhoza kuonera kanema wa mamangidwe pa intaneti n'kudziyesa katswiri. Chimene kutsekako kumachotsa ndi aphunzitsi ndi mboni.

Lamulo la Japan, pomwe lakhala likulowerera m'malo a zachilakolako, nthawi zambiri layang'ana kwina. Gawo 174 la malamulo a milandu limaletsa kuchita zolaula pagulu, ndipo chilango chake chimafika miyezi 6 m'ndende kapena chindapusa cha mayeni 300,000. Ndi gawo limeneli lomwe apolisi amalowa nalo m'malo otchedwa happening bar, momwe makasitomala amagonana ena akuona. Mu May 2022 anathyola malo otchuka a mtunduwu ku Shibuya, a Sleeping Beauty, n'kumanga oyendetsa malowo. Mabala a chingwe ndi osiyana ndi amenewa, ndipo amapewa mlanduwu poletsa kuvula maliseche ndi kugonana pamalopo. Zotsatira zake n'zakuti bala imene aliyense wavala koma womanga waledzera, ndipo womangidwa watuluka dzanja litafa, ikhoza kukhala yosalakwira gawo 174, pamene bala imene aliyense wavomera ndipo palibe wavulala ikhoza kutsekedwa chifukwa nsalu yatsika. Lamulo loterolo likuteteza maso a munthu amene walipira yekha pakhomo kuti adzaone, n'kusiya mkono wa munthu amene ali pa chingwe.

Pamenepa ndisamveke ngati ndikuyeretsa mabalawa, chifukwa nawonso ali ndi zofooka zimene zimatsamwitsa liwu lomwe ndikulinenalo. Choyamba ndi mowa. Bala imapeza phindu pogulitsa mowa, ndipo mowa umagonetsa dzanzi lija lochenjeza, umachedwetsanso manja a womanga. China ndi ndalama. Ena mwa omangidwa m'malo amenewa ndi akazi olembedwa ntchito, ndipo wantchito amene akudziwa kuti kasitomala wokhumudwa sabweranso amapirira kupitirira muyezo. Koma chachikulu ndi ulemu wopambanitsa umene amapatsa akatswiri. Munthu akatchedwa sensei, mphunzitsi, wophunzira kapena womangidwa wake amaopa kumuuza kuti walakwitsa, ndipo oonerera amayesa kubuula kwa womangidwayo ngati mbali ya chionetsero. Mu April 2018, mayi wodziwika ndi dzina loti KaoRi, yemwe anajambulidwa kwa zaka pafupifupi 16 ndi Araki Nobuyoshi, wojambula wotchuka padziko lonse ndi zithunzi za akazi omangidwa, analemba poyera kuti ankagwira ntchitoyo popanda mgwirizano wolembedwa, kuti nthawi zina sankalipidwa, ndipo zithunzi zake zinkasindikizidwa ndi kuonetsedwa iye asanafunsidwe. Zithunzizo zinapachikidwa m'nyumba zolemekezeka za zaluso kwa zaka zambiri, anthu akuyamikira wojambula, popanda wofunsa kuti mwini thupiyo akuti chiyani. Umboni umenewu suphwanya mfundo yanga. Ukusonyeza kuti kukhala pagulu pakokha sikokwanira ngati gululo laphunzitsidwa kumvera womanga yekha.

Chosangalatsa n'chakuti nyumba ya malamulo ya Japan yayamba kuyang'ana komwe kukuyenera. Lamulo la mu 2022 loteteza ochita makanema olaula limalamula kuti padutse mwezi umodzi munthu atasaina mgwirizano asanajambulidwe, padutsenso miyezi 4 kanema asanatuluke, ndipo limamulola kuthetsa mgwirizanowo mkati mwa chaka kanemayo atatuluka. Mu 2023 nyumbayi inasinthanso malamulo a milandu yogwiririra: inakweza msinkhu wovomerera kugonana kuchoka pa zaka 13 kufika pa 16, ndipo mlanduwo tsopano ukugona pa kusavomera. Lamuloli limatchula mikhalidwe 8 imene imachititsa munthu kulephera kukana, kunena kuti wakana, kapena kukwaniritsa kukanako, ndipo mwa imeneyi muli kuledzera, mantha, ndi kuopa kutaya ntchito kapena thandizo la munthu waudindo. Mawu akuti kukwaniritsa kukana akumukhudza womangidwa kuposa wina aliyense. Maganizo omwewa ndi amene ayenera kulowa m'chilolezo cha bala ya chingwe: womanga asamwe, womangidwa woledzera asamangidwe, chingwe chisafike pakhosi, pakhale wantchito wosamwa woyang'anira atagwira chodulira, ndipo wolembedwa ntchito akhale ndi mgwirizano wonena kuti kukana kasitomala sikumudulitsa malipiro.

Ena adzati walira mvula walira matope: wavomera yekha kumangidwa, ndiye akavulala asadandaule. Mwambiwu sugwira pano. Kuvomera si chiphaso chimene munthu amapereka kamodzi pakhomo n'kutaya nacho thupi lake usiku wonse. Amavomera mphindi iliyonse, ndipo akhoza kubweza mphindi iliyonse. Ndiponso pali malire amene kuvomera sikungawoloke. Dziko la Britain linachita bwino mu 2021 polemba m'lamulo kuti munthu sangadziteteze pa mlandu wovulaza mnzake kwambiri ponena kuti mnzakeyo anavomera pofuna chisangalalo cha thupi, pakuti amuna opha akazi ankagwiritsa ntchito mawu amenewo pomwe wakufayo sangawatsutse. Koma dziko lomwelo linapitirira malire pa mlandu wa R v Brown mu 1993, pomwe oweruza atatu mwa asanu anatsimikiza chilango cha amuna amene anachitirana zowawa mogwirizana, popanda aliyense wa iwo wokadandaula kupolisi. Chigamulo chotere chimauza womangidwa amene wavulala kuti akapita kuchipatala kapena kupolisi akhoza kumangidwa iye yemwe, ndipo munthu wouzidwa zimenezo amangokhala kunyumba ndi dzanja lakelo.

Kutsutsa kumene ndikukulemekeza kwambiri ndi kwa okhulupirira, amene amati thupi si chidole ndipo chinthu sichikhala chabwino chifukwa chakuti anthu awiri agwirizana. Ali ndi ufulu wolalikira zimenezo, ndipo palibe chomwe ndalemba pano chimene chikuwapempha kuti ayamikire kinbaku. Koma mlaliki ndi wapolisi ali ndi ntchito zosiyana. Mlaliki akhoza kuuza munthu kuti asalowe m'bala ija. Wapolisi amafika munthuyo atalowa kale, ali pa chingwe, ndipo panthawi imeneyo ali ndi mafunso awiri oti asankhe loyamba: ngati nsalu yatsika, kapena ngati mkazi wolendewera pamphete uja, atanena kuti chala chachita dzanzi, anatsitsidwa. Gawo 174 limamutuma kufunsa loyambalo. Lamulo la 2023 lamupatsa chifukwa chofunsira lachiwiri, ndipo chatsala n'chakuti malamulo opereka chilolezo kwa mabala, omwe maziko ake ndi a mu 1948, alembedwenso kuti mwini bala azifunsidwa zomwezo asanatsekule pakhomo.