Nkhani ya Katuni Tisakaipemphe Kutali

Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi chidwi chopanga makatuni, ndiye kuti kanema wa zithunzi zojambula pamanja kapena pa kompyuta zimene zimayenda ndi kulankhula. Chidwi chimenechi n'chabwino. Cholakwika ndi kumene amakasaka nkhani zake. Mukasonkhanitsa ophunzira a Folomu 3 kapena 4 ndi kuwauza kuti aliyense aponye ganizo la katuni ya mphindi zisanu, mudzamva za munthu wouluka wokoleka chinsalu kumsana, za magalimoto othamangitsana pakati pa nyumba zosanja, ndi za mfuti zolavula moto. Mwana wobadwira ku Chia, amene anadziwa kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake, amayamba nkhani yake mu mzinda umene sanaupondepo. Ine ndikuti kumeneku n'kudzipeputsa, ndiponso n'kusadziwa ntchito.

Tiyambe ndi masamu. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Pofuna kuchepetsa ntchito, opanga makatuni ambiri amajambula 12 zokha, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Mphindi zisanu ndi masekondi 300, choncho katuni yaifupi chotero ifuna zithunzi 3,600. Kagulu ka ana asukulu sikangajambule nkhondo ya dziko lonse m'zithunzi zimenezi. Nkhani yoyenera ndi ya munthu mmodzi, wofuna chinthu chimodzi, amene wakumana ndi chopinga chimodzi. Komanso dzanja limajambula bwino chimene diso likuchidziwa. Mwana wa ku Chia akudziwa mmene nkhafi imalowera m'madzi, mmene msodzi amapendekera pokoka khoka, ndi mmene nyanja imaderera mwera ukayandikira. Zimenezi wojambula wa ku Tokyo sazidziwa, monganso mwanayo sadziwa misewu ya ku Tokyo.

Kodi ku Chia kuli nkhani? Imani pa mlatho wa msewu wa M5, pamene madzi a dziwe la Chia amalumikizana ndi nyanja ya Malawi, kummwera kwa boma la Nkhotakota. Taganizani za mtsikana amene wapatsidwa chambo chimodzi kuti agulitse apeze ndalama yolipirira mayeso, magalimoto akungodutsa, dzuwa likukwera, nsomba ikuyamba kufewa. Taganizani za mnyamata amene watenga bwato la amalume ake osapempha, mwera n'kumupeza pakati pa madzi. Chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Taganizani tsono za mayi wachambo amene akuthawa neti yotetezera udzudzu yomwe anthu aisandutsa khoka, osatha kukuwa chifukwa akatsegula pakamwa ana atayika. Ofuna mbiri nawonso sangasowe. Nkhotakota linali doko limene a Jumbe ankawolotserapo akapolo, ndipo David Livingstone anafikapo m'chaka cha 1861 ndi 1863. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kudza ku nkhalango ya Nkhotakota. Kamwana ka njovu kodzidzimuka m'nkhalango yachilendo, kosaka mayi wake, ndi katuni yathunthu.

Ena adzati, "Za kumudzi ndani angaonere? Anthu akunja amafuna zakunja." Ameneyu ndi mantha chabe. Malenga Mulendema, mayi wa ku Zambia, anapereka ganizo lake ku kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2023 katuni yake ya Supa Team 4 inatuluka pa Netflix. N'zoona kuti atsikana anayi a m'nkhaniyo ndi ngwazi zopulumutsa anthu, koma mlembiyo sanawasamutsire ku New York. Anawasiya ku Lusaka kwawo. Chimodzimodzi kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind wa m'chaka cha 2019, ngakhale si katuni, anaonedwa m'mayiko ambiri pamene nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo Chichewa chikumveka m'menemo. Wakunja zakwawo ali nazo kale; chimene angatigule ndi chimene alibe.

Pali gulu lina limene ndikutsutsana nalo, ngakhale limaoneka ngati lili mbali yanga. Awa ndi amene amati nkhani ya kwathu iyenera kukhala ulaliki. Amayamba ndi phunziro, monga lakuti kudula mitengo n'koipa, kenaka n'kusaka munthu woti alilankhule. Zotsatira zake ndi mfumu yoimirira pansi pa mtengo n'kumalangiza kwa mphindi zisanu. Mwana saonera zotere kawiri. Agogo athu sankayamba nthano ndi phunziro. Ankati "Padangotero," ife n'kuvomera "Tili tonse," kenaka Kalulu n'kugwa m'mavuto, phunziro n'kudzatola tokha kumapeto. Onetsani mayi wachambo uja akuthawa neti. Woonera adzadana ndi netiyo popanda womuuza.

Nanga posonkhana kuti tipeze nkhani tichite chiyani? Choyamba, kompyuta itsekedwe. Ophunzira apite kudoko, kumunda wa mpunga ndi pakhonde la agogo ndi kope m'manja, akamvetsere ndi kupempha chilolezo cholemba zimene amva. Za kudambwe ndi zina zimene eni ake amabisa azisiye. Chachiwiri, aliyense abwere ndi maganizo atatu, onse alembedwe pa bolodi, ndipo pasakhale woseka mnzake, pakuti ganizo losekedwa limapha ena khumi amene akanatuluka. Chachitatu, maganizo apetedwe. Nkhani imene simungaifotokoze m'ziganizo ziwiri ndi yaitali. Nkhani imene mwana wa Sitandade 3 sangafunse kuti "Ndiye zinatha bwanji?" ndi yozizira. Nkhani imene singamveke mawu atazimitsidwa ndi ya pa wailesi, osati ya zithunzi. Pomaliza musankhe imodzi yokha, osaphatikiza zonse pofuna kukondweretsa aliyense, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nkhaniyi si yamasewera. Mwana amene chikhalire sanaonepo bwato, chitenje kapena nkhope yonga ya mayi ake pa kanema amakula akukhulupirira kuti zinthu zofunika zimachitikira kwina, ndipo kwawo n'kongodikirira basi yochokera. Munthu wotere sangateteze dziwe limene saliona ngati kanthu. Inu ophunzira, amene pensulo ndi kompyuta zili m'manja mwanu, jambulani Chia adakali ndi chambo, agogo odziwa nthano adakali moyo. Mukapanda kutero inu, palibe wa ku Tokyo kapena ku New York amene adzabwere kudzakuchitirani.