Ziro ndi "sanalembe" si chinthu chimodzi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mkangano.

Teremu yatha, mtsikana wina wa Fomu 3 pasukulu yathu kuno ku Dowa sanalembe Masamu chifukwa anali kumaliro a mayi ake ku Ntchisi. Pulogalamu imene timawerengetsera malikisi ili ndi function yolandira nambala yokha basi. Mphunzitsi atalemba "ABS", kompyuta inakana, iye n'kungoika 0. Mwana wanzeru anapezeka kumchira kwa kalasi, ndipo amene amamulipirira fizi anayamba kufunsa ngati ndalama zawo sizikupita m'madzi.

Ndinamuuza mnyamata amene anatipangira pulogalamuyi kuti aike union type, kutanthauza kuti parameter imodzi izilandira mitundu iwiri yotchulidwa poyera: nambala kapena chizindikiro choti mwana sanalembe. Anakana. Akuti mapanga awiri avumbwitsa, parameter izikhala ndi mtundu umodzi, ndipo amene akufuna iwiri alembe ma function awiri a dzina limodzi monga amachitira mu Java.

Ine ndikuti ayi! Pulogalamu yathuyi ndi ya PHP, ndipo PHP salola ma function awiri kukhala ndi dzina limodzi. Ukaletsa union type, anthu amangosiya parameter yopanda mtundu, chilichonse n'kumalowa ngati khola lopanda chitseko. Kodi ukhondo wake ndi umenewo?

Akatswiri anaziona kale izi. TypeScript inabweretsa ma union type mu 2015, PHP 8.0 mu 2020, ndipo Python 3.10 mu 2021 inalola kulemba int | str. Mu TypeScript ukhoza kulemba number | "ABS", ndipo ukayesa kuchulukitsa kapena kugawa malikisiwo usanaone ngati mwanayo analembadi, imakudzudzula pulogalamu isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Ndikuvomera, wina akasanjika mitundu isanu pa parameter imodzi, umenewo ndi ulesi. Koma pamene moyo weniweni uli ndi mayankho awiri, pulogalamu inene zoona pakhomo pomwe. M'kaundula wa pepala takhala tikusiyanitsa wolephera ndi wojomba kuyambira kale. Kompyuta itiphunzitse bodza lero?

Inu amene mukuphunzira kupanga mapulogalamu, kaya ku Dzaleka kaya ku MUBAS, ndiyankheni pansipa. Malikisi a mtsikana uja tinakonza ndi bolopeni.