Mawu amene timadziuza tokha usiku

Mnzanu akachotsedwa ntchito simumulankhula mwaukali. Mumakhala naye pansi n'kumuuza kuti, "Pepani achimwene, zimachitika, limbani mtima." Ngati ali ndi ana, mumafunsanso ngati ufa ulipo m'nyumba. Koma tsoka lomwelo likagwera inu eni, mawu amasintha. Usiku wonse mumangotembenuka pabedi, mumtima mukubwerezabwereza zomwezomwezo: ndine chitsiru, anzanga onse anamanga nyumba, ine ndangosanduka mtolo kwa abale. Palibe amene angalole mnansi wake kumunyoza chonchi tsiku ndi tsiku. Koma ife timadzinyoza miyezi ndi miyezi, n'kumati kumeneko ndiye kudzilimbikitsa.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za mawu amenewa, chifukwa ndi amene amakoleza matenda ovutika maganizo, aja madokotala amati depression. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni ali ndi matendawa. Munthu amatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa, zimene ankazikonda zosamukomanso, tulo tosabwera kapena tochuluka mopitirira, nsima yosalowa, thupi lolefuka. Kuno kwathu ambiri amapita kuchipatala akudandaula mutu, kuphwanya kwa thupi ndi mtima kuthamanga. Mukacheza nawo mofatsa m'pamene amaulula kuti, "Ndikumaganiza kwambiri."

Kuganiza kwambiriko n'kumene akatswiri atatu, Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, analimbana nako. Ankafuna kudziwa chifukwa chake munthu amene anachira amadzadwalanso. Anaona kuti kwa munthu wotere kukhumudwa pang'ono, kumene wina aliyense amakumana nako, kumadzutsa maganizo onse akale odziona wachabechabe, ndipo akayamba kulimbana nawo kuti awathetse m'pamene amamiriratu. Choncho anakonza maphunziro a masabata 8 otchedwa MBCT. Anthu amakumana pagulu kamodzi pasabata, ndipo kunyumba amamvetsera mawu ojambulidwa owatsogolera posinkhasinkha. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2000 zinasonyeza kuti mwa anthu amene anadwalapo katatu kapena kuposerapo, kudwalanso kunachepa ndi pafupifupi theka. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Britain wa anthu 424. Patatha zaka ziwiri, mwa anthu 100 alionse amene anaphunzira njirayi, 44 anadwalanso, pamene mwa amene anapitiriza kumwa mankhwala anali 47. Manambalawa akutiuza zinthu ziwiri moona mtima: njirayi imathandiza mofanana ndi mankhwala poteteza munthu kuti asadwalenso, komanso siichiritsa aliyense.

Nanga munthu amachita chiyani kwenikweni? Mumakhala pampando kapena pamkeka, msana wowongoka, mapazi atagunda pansi. Mawu a pafoni amakuuzani kuti mumve mpweya ukulowa m'mphuno, mimba ikukwera n'kutsika. Simupuma kasanu maganizo asanathawe. Afika kale pa ngongole ya banki m'khonde, pa fizi ya mwana, pa mawu amene apongozi analankhula pamaliro chaka chatha. Apa ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti, "Ngakhale izi zomwe zikundikanika." Koma wotsogolera wodziwa ntchito yake amakuuzani kuti kuthawa kwa maganizoko n'kwachibadwa, ndipo phunziro lenileni lili pa kuzindikira kuti athawa n'kuwabweza modekha ku mpweya uja, ngakhale kambirimbiri.

Zili ngati kuima padepoti ya maminibasi ku Limbe. Anyamata oitanira akukuwa mbali zonse, wina Bangwe, wina Thyolo, wina wakugwirani kale chikwama. Simungawatseke pakamwa, koma palibe lamulo loti mukwere minibasi iliyonse imene akuitanira. Ganizo loti "ndine wolephera" lidzabwera ndithu, ndipo lidzakuwa. Mukalizindikira n'kunena chamumtima kuti, "Labweranso ganizo lija," mwatsala pansi, silinakutengeni. Munthu amene wavutika maganizo nthawi yaitali amakhala ataiwala kuti ganizo ndi ganizo chabe. Amalitenga ngati chigamulo cha khoti.

Mbali yachiwiri ndi imene ndimaiona yovuta kwambiri kwa ife: kudzichitira chifundo. Kristin Neff wa ku yunivesite ya Texas ku Austin anayamba kulemba za nkhaniyi mu 2003. Iye amati munthu azidzikomera mtima akalakwa, azikumbukira kuti kuvutika ndi kulephera n'kwa anthu onse, ndiponso aziuyang'ana ululu wake monga ulili, osaubisa komanso osaukulitsa. Ku Britain, katswiri wina wa zamaganizo, Paul Gilbert, anaona kuti odwala ake ambiri ankatha kuvomereza kuti maganizo awo odzinyoza si oona, koma osapeza bwino, chifukwa ngakhale mawu olimbikitsa ankadziuza mokalipa. Anazindikira kuti kamvekedwe ka mawuwo n'kofunika ngati mawu enieniwo.

Ndikudziwa zimene ena anene. Tinaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, mkazi amapirira, ndipo wodzimvera chisoni ndi waulesi. Ine sindikulimbikitsa kukhala pakhonde n'kumadandaula kuti dziko lonse landida. Wodzimvera chisoni amaona ngati mavuto anasankha iye yekha. Wodzichitira chifundo amavomereza kuti walakwa, amakumbukira kuti enanso analakwapo, ndipo amapeza mphamvu zokapepesa kapena kukayambiranso. Taonani mwana amene amakalipiridwa pa chilichonse: saphunzira kuchita bwino, amaphunzira kubisa. Mkulu amene amadzikalipira naye amabisa. Ngongole saitchula, matenda sawatchula, mpaka zinthu zitafika poipa.

Yesani izi pamene mtima wawawa. Ikani dzanja pachifuwa, mumve kufunda kwake. Pumani pang'onopang'ono. Kenako dziuzeni zimene mukanauza mng'ono wanu amene mumamukonda: "Apa zandipweteka. Si ine woyamba kugwa chonchi. Lero ndisadziwonjezere mabala." Poyamba zimamveka zachilendo, ndipo ena misozi imangotuluka yokha, chifukwa papita zaka asanamve mawu ofatsa kuchokera kwa wina aliyense. Musaiope misoziyo.

Akhristu ndi Asilamu ambiri amafunsa ngati kusinkhasinkha kotereku sikutsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Funsoli ndi loyenera. N'zoona kuti njirayi inachokera ku chipembedzo cha Chibuda. Jon Kabat-Zinn ndi amene anaibweretsa m'chipatala mu 1979 ku yunivesite ya Massachusetts, kuti ithandize anthu a ululu wosatha, ndipo mmene imaphunzitsidwira m'zipatala mulibe kupembedza kulikonse. Ndi kukhala chete n'kumvetsera mpweya umene Mulungu anakupatsani. Amene amapemphera kolona kapena kukhala chete m'tchalitchi anthu asanafike akudziwa kale kukoma kwa bata. Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndi kuuza munthu wodwala kuti akuvutika chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa. Munthuyo amadziimba kale mlandu usana ndi usiku, ndiye ife tikumusenzetsa mlandu wina pamwamba.

Chondidandaulitsa n'chakuti zojambulidwa zambiri zotsogolera kusinkhasinkha zili m'Chingerezi, zina n'zolipira ngati Headspace ndi Calm, ndipo zimadya bandulo. Mawu otonthoza amalowa bwino m'chinenero chimene mayi ako ankakutonthozera. Anzathu a ku Zimbabwe anasonyeza kuti thandizo la zamaganizo likhoza kufika kwa anthu wamba. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo m'Chishona, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthuwo ankapezadi bwino. Njira yawo ndi yokambirana, yosiyana ndi kusinkhasinkha, koma phunziro lake likutikhudza. Alangizi athu a zamaganizo ndi nyumba zoulutsira mawu angathe kujambula mphindi khumi zokha m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, zoti anthu azitumizirana pa WhatsApp.

Pali chenjezo limene sindingalisiye. Kafukufuku wa MBCT ndatchula uja anachitika pa anthu amene anali atayamba kale kupeza bwino. Munthu amene matenda amugwira kwambiri, woti kudzuka pabedi kapena kusamba kukumukanika, kukhala chete yekha kungamuwonjezere mdima. Amene anachitidwapo nkhanza nthawi zina akatseka maso zakale zimabwerera mwamphamvu. Zikatero tsegulani maso, imirirani, yendani pang'ono, ndipo mukafotokozere wachipatala. Ngati mukumwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, musasiye chifukwa choti mwayamba kusinkhasinkha. Kusiya kapena kuchepetsa n'koyenera kukambirana ndi amene anakulemberani.

Ndipo ngati mawu a usiku aja afika pokuuzani kuti abale anu angapume mutachoka padziko, musadikire kuti muone ngati kupuma mofatsa kuthandize. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukafunse namwino kapena dokotala wa zamaganizo. Thandizo liliponso ku chipatala cha matenda amaganizo ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Inu amene mwauzidwa, musamudzudzule ndipo musamusiye yekha. Nyamukani naye.