Msiyeni mwana ade

Lachiwiri lapitali mwana wanga wa zaka ziwiri ndi theka adabwera kuchokera ku mkombaphala ali mbuu, diresi yatsopano ili matope okhaokha. Kunena zoona mtima udandiwawa. Sopo adakwera mtengo, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa nokha. M'mawa mwake ndidalawirira kuti ndikafunse ngati anawa amayang'aniridwa kapena amangotayiriridwa.

Ndidakapeza ana ali pansi pa mtengo wa mango. Mlezi wawo, mayi wachikulire amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka, adali atawaikira dothi la pachulu lonyowa, beseni la mchenga, zitsononkho ndi zikho. Wangayo adali kalikiliki kufinya dothi, likamatuluka pakati pa zala iye n'kumaseka. Mayiwo ankangowafunsa ngati dothilo likuzizira, ngati ndi lofewa kapena lolimba, anawo n'kumayankha. Mawu akuti "lofewa" ndidali ndisanawamvepo pakamwa pa mwana wanga. Zomwe ndidakonzeka kukalankhula zidandithera, ndidangopereka moni.

Chomwe chidandichititsa manyazi n'chakuti ine ndimaphunzitsa zaulimi ku sekondale. Tikafika pa mitundu ya dothi, ndimauza ophunzira kuti alinyowetse n'kulipotokola ndi zala. La makande limamata ndipo limaumbika, la mchenga limangoyoyoka. Mwana amene adakula akuumba ng'ombe zadothi amazindikira nthawi yomweyo. Koma alipo ena amene amaloweza notsi bwinobwino, ukawapatsa dothilo amaligwira ndi nsonga za zala ngati chinthu chonyansa, osatha kunena kuti ndi liti. Ndiye ine ndemwe n'kumakwiya kuti mwana wanga wagwira matope?

Makolo ambiri timafuna mwana wa zaka ziwiri akabwera kunyumba atilakatulire ABC ndi masiku a sabata m'Chingerezi, tione kuti ndalama sizikupita pachabe. Koma wa msinkhu umenewu amaphunzira pogwira, kununkhiza, kuthira ndi kukhuthula. Zala zimene zikufinya dothi lero ndi zomwezo zidzagwire pensulo.

Zipangizo zake si zogula. Thirani madeya m'lichero, mubisemo supuni, mwana aisake. Boolani kabotolo kapulasitiki kunsi kuti aziona madzi akudontha. Sungunulani katondo m'madzi ana azidinda zikhatho pa katoni, kapena apatseni makala azikhwatcha pakhonde. Masamba a mandimu ndi a bulugamu azifikisa n'kumanunkhiza.

Komatu alezi, maso akhale pa ana. Nyemba, chimanga ndi mikanda musapatse tiana tosakwana zaka zitatu, zimalowa m'mphuno kapena kutsamwitsa. Nthanga za nsatsi ndi poizoni, zisapezeke pafupi. Mwana angathe kumira m'ndowa, choncho madzi akhale ochepa ndipo atayidwe masewera akangotha. Dothi likatengedwe kutali ndi chimbudzi ndi khola, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanalandire phala. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitidamuiwale.

Sopoyo ndiye vuto, chifukwa pamalopa ndidapeza kachidutswa kamodzi ka ana onse. Ndalonjeza kupereka mtanda umodzi mwezi uliwonse, ndipo nkhaniyi ndikaitula pa msonkhano wa makolo. Mwana wanga tsopano amapita atavala kamalaya kakale ka pa kaunjika. Diresi ija ikudikira Lamulungu.