Driving school ikhale ya lamulo, koma mwana wa marketeer azalipila na chani?

Amai na atate a pa msika wa Ng'ombe, na imwe bonse ba tuntemba,

Palibe amene aziba msewu kupambana imwe. Pa 04:00 anthu akali gone, imwe muli kale mu minibasi kuyenda ku Soweto kukaoda matimati, repu na kapenta. Pobwela katundu ili kumbuyo kwa Canter, imwe mwakhala pamwamba pa masaka. Moyo wanu na mpamba wanu zonse zili m'manja mwa munthu umodzi, draiva. Manje tifunseni: uja draiva anaphunzila kuti?

Ambili tiziba nkhani yao. Anayamba kutsuka mamotoka, anakhala kondakitala, tsiku lina abwana ake anamuponyela makiyi ati "isendezeko patsogolo pa laini." Sukulu inathela pamenepo. Kuyendetsa aziba, sitikana. Koma palibe anamuuza kuti motoka yolema siima msanga pa msewu wonyowa, kapena chifukwa chake saovateka pa kona. Amaphunzila izi tsiku la ngozi, imwe muli mkati. Kumbukilani Chibombo pa 7 February 2013, pamene Post Bus inagundana na truck, anthu opitilila 50 anafa. Pa msewu kulakwitsa kwa mphindi imodzi kumasiya ana amasiye.

Ndiye chifukwa chake akakamba kuti aliyense wofuna laisensi ayambe wapita ku driving school, ise tivomela. Koma lamulo lotele likabwela lokha, lopanda thandizo, lizamenya imwe.

Onani njila ilipo kale. RTSA, imene inakhazikitsidwa na Road Traffic Act ya 2002, ifuna pepala ya kuchipatala, mayeso a Highway Code, provisional, ndiye mayeso a pa msewu. Ponseponse ni ndalama. Manje ikaniponso fizi ya sukulu. Mwana wa ku Roma, pafupi pomwepa, atate ake azalipila tsiku limodzi. Nanga mnyamata wanu wamene anatsiliza Grade 12 ali chabe pa nyumba? Mai wogulitsa chibwabwa azachotsa kuti? Kuzakhala njila zitatu: kaloba, kuyendetsa kopanda laisensi, olo kugula pepala kumbali. Zonse zitatu sizichepetsa ngozi. Lamulo limene wosauka sangakwanitse limanenepetsa chabe matumba a odya ziphuphu.

Ndipo asatiuze kuti ndalama kulibe. CDF inali K1.6 million mu 2021, inafika K25.7 million mu 2022, ndipo mu 2024 inapitilila K30 million pa constituency iliyonse, Mandevu yathu ilimo. M'kati mwake muli bursary ya maphunzilo a nchito za manja. Kuchokela 2017 makampani amalipilanso Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipilo a anchito, kuti achinyamata aphunzile nchito. Industrial Training Centre muno mu Lusaka imaphunzitsa kale madraiva. Kodi udraiva si nchito? Ana angati a mu Ng'ombe amene mwaona atenga laisensi na ndalama izi?

Zimene tifuna ku boma ni izi:

1. Lamulo la sukulu libwele pamodzi na bursary. Ana a mu komboni akhale oyamba, atsikana na anyamata chimodzimodzi.
2. Fizi ikhale na malile, ndipo munthu azilipila pang'onopang'ono monga chilimba.
3. Kondakitala olo draiva wamene wayendetsa zaka zambili asayambe monga mwana. Apatsidwe kosi yaifupi, ya madzulo olo pa Sondo, kuti asaluze nchito.
4. Aziphunzitsa mu Chinyanja na Chibemba. Kuziba msewu si kuziba Chizungu.
5. Sukulu iliyonse iziyendeledwa, maola amene wophunzila wagwila stiyaling'i azilembedwa. Yogulitsa satifiketi kopanda kuphunzitsa itsekedwe.

Ganizilani, amai. Mwana wanu akakhala na laisensi ya zoona, gulu lanu la village banking lingagule ka motoka, ndalama ya transipoti ya ku Soweto izitsala pa nyumba. Olo inu nomwe mungaphunzile, palibe lamulo lokana mai wa pa msika kugwila stiyaling'i.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kambilanani mu komiti ya msika, muyende pamodzi ku Ward Development Committee mukafunse mafomu a bursary. Akansala na a MP akabwela pa msika, musalandile chitenge chabe. Afunseni kuti CDF yaphunzitsa madraiva angati mu Ng'ombe, ndipo akupatseni nambala.

Nanga draiva wamene amakunyamulani m'mawa, anaphunzila kuti? Mukamufunse mailo, mutiuze yankho pansipa.