Mzime wapaphulusa ndi zotolatola zake

Ku Norway kuli nthano za mnyamata wotchedwa Askeladden, dzina lonena za mwana wokhalira kutakasa phulusa pamoto. Ndi mzime pa ana aamuna atatu, ndipo akulu ake, Per ndi Pål, amamuyesa chitsiru. Nthanozi anazisonkhanitsa ndi Peter Christen Asbjørnsen ndi Jørgen Moe, nayamba kuzisindikiza mu 1841.

Yondigwira mtima ine ndi ya mwana wamkazi wa mfumu, wapakamwa koopsa. Mfumu inalonjeza kuti womusowetsa chonena amukwatira ndi kulandira theka la dziko, koma wolephera amuwotcha makutu ndi chitsulo chamoto. Panjira Askeladden ankangotola zinthu: mbalame yakufa, chibenthu cha mbale, nyanga za nkhosa, nsapato yakutha. Akulu akewo ankamukalipira kuti ataye, iye n'kumangoponya m'thumba. Atafika, chilichonse chomwe mtsikanayo ananena, mnyamatayo ankatulutsa chotola chimodzi n'kuyankhira pomwepo, mpaka mtsikana uja kukamwa yasa.

Kwathu kuno munthu wotereyu tili naye, ndipo si wa m'nthano. William Kamkwamba anabadwira ku Dowa mu 1987, n'kukulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ku Kasungu. Sanali mzime, anali mnyamata yekhayo pakati pa alongo ake 6, koma kunyozedwa kwake n'komweko. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, fizi ya ku sekondale ya Kachokolo inasowa. Anayamba kuwerenga buku la Using Energy mulaibulale ndi kufukula pamulu wa zitsulo zotayidwa. Fani ya thirakitala, njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi apulasitiki, mitengo ya bulugamu. Anthu ankati mwanayu wapenga, ena ankati ndi chamba. Ali ndi zaka 14 makina ake oyendera mphepo anayatsa babu.

Tikamva nkhani zoterezi tonse timadziika pamalo a Askeladden. Ayi ndithu. Ife a mafoni m'manja, amene makolo anagulitsa fodya kuti tifike kukoleji, ndife Per ndi Pål. Timatsika minibasi pa Mponela kapena pa Ntchisi boma ndi shuga ndi sopo, n'kumupeza mng'ono wathu wasiya sukulu chifukwa ndalama zinathera pa ife, ali khuma kuseri kwa nkhokwe ndi mawaya ndi mabatire akufa. Moni wathu woyamba: "Iwe, taya zimenezo, ukathandize amayi kumunda." Si kuti mwana aliyense wamawaya adzakafika ku Dartmouth ngati William, yemwe anamaliza kumeneko mu 2014. Komatu funso loti "ukupanga chiyani, tandionetsa" silidya bandulo.

Kwa Wimbe, makina aja atayamba kuzungulira, anthu a m'dera lomwe lija ankati wapenga anayamba kubwera pakhomo pa a Kamkwamba, mafoni m'manja, kudzatchaja.